Kupuma Pamene Ena Akukutumikirani—Kodi Mkristu Akuone Motani?

MAKAMPANI okopa alendo amadziŵa bwino lomwe chimene munthu wotopa amalakalaka. Amalengeza za nyumba yaikulu ya pachisumbu cha mchenga woyera ndi migwalangwa, imene banja limodzi lingabwereke kwa mlungu wathunthu. Nyumbayo imakhala ndi anthu ake: wophika, woyala pamakama, wochapa zovala, wosamalira maluŵa, mlonda wa usiku, ndipo nthaŵi zina mlezi wa ana ndi woyendetsa boti. Lonjezo lake nlakuti mlendo sadzatsuka ngakhale kapu imene wamweramo tiyi. Nyumba zotero zilipo pazisumbu za Bazaruto ndi Benguerra ku Mozambique, ku Zanzibar, ku Mauritius, ngakhalenso pa Likoma m'nyanja ya Malaŵi.

Ambiri a ife sitidzagonamo m'nyumba zimenezo monga alendo. Komabe, abale ndi alongo athu ochuluka amagwira ntchito m'malo oterowo, kapena m'nyumba za anthu ku Harare, Lusaka, Johannesburg ndi Cape Town. Ndiponso, masiku ano ana amene anapita kukagwira ntchito ku Britain kapena ku South Africa nthaŵi zina amasonkherana ndalama kuti akapumitse makolo awo okalamba pamalo otero. Chotero funso limeneli likukhudza onse aŵiri, wonyamula mbale ndi wolandira mbaleyo: Kodi nkoyenera kuti munthu woopa Mulungu akhale pamthunzi pamene mnzake akukhetsa thukuta kaamba ka iye? Ngati nkoyenera, kodi mpumulo wotero umakhala wolakwa polekezera pati?

Chimene Chigwa cha Mazowe Chinaona

Anthu olankhula Chicheŵa safunikira kufotokozeredwa za nkhaniyi monga ngati njachilendo. Talingalirani za Glendale, tauni yaing'ono ya m'chigwa cha Mazowe, panjira yochokera ku Harare kumka ku Bindura. Nthaka yake yofiira njachonde kwabasi, ndipo kwa mbali yaikulu ya zaka za zana la 20 inali m'manja mwa alimi achizungu amene analima chimanga, thonje, fodya ndi tirigu. Kummwera kwake kunali minda yaikulu ya malalanje yothiriridwa ndi madzi a dziŵe la Mazowe, limene linamalizidwa kumangidwa mu 1920. Lamulo la 1930 logaŵa dziko motsatira khungu linalimbitsa makonzedwe ameneŵa.

Kodi manja olima minda imeneyo anachokera kuti? Ochuluka anachokera ku Nyasaland, ku Tete, ndi kummaŵa kwa Northern Rhodesia. Msonkho ndi kusoŵa kwa ndalama kumudzi zinawatulutsa m'nyumba. Oyambirira anayenda pansi kwa milungu ingapo, kuwoloka Zambezi ndi kudutsa m'nkhalango za zilombo. Pambuyo pake kunadza malole aulere, ndiyeno bungwe lolemba anthu ntchito limene linakhazikitsidwa mu 1946, lodziŵika kwathu ndi dzina lakuti Mthandizi. Pafamu, munthu anali kupatsidwa malo m'komboni, poso wa ufa, nyemba ndi mchere, ndi tikiti imene kapitawo anali kuchonga tsiku ndi tsiku kufikira masiku 30 ogwira ntchito atakwana. Pansi pa lamulo la mabwana ndi antchito la 1901, limene linafafanizidwa mu 1980, kuchoka pantchito popanda chilolezo unali mlandu woti munthu nkumangidwa nawo. Ambiri sanabwererenso kwawo. Kumudzi anawatcha matchona, pamene eni dziko la Zimbabwe anawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre.

Amuna a ku Nyasaland anatchuka monga akatswiri ophika ndi osamalira m'nyumba. Iwo anadziŵa bwino lomwe tanthauzo la tchuthi, ngakhale kuti silinali lawo. Pamene nthaŵi yake inafika, mabanja a eni mafamu anali kupita kunyanja ku Beira, ndipo okhoza kulipira anali kumka ku Santa Carolina, kachisumbu ka pakati pa zisumbu za Bazaruto, kumene hotela inamangidwa m'ma 1950. Alendowo anakatcha Paradise Island. Amene anasita ndi kulongedza zovala za ulendowo anatsala akulonda nyumba ndi kudyetsa agalu. Mlezi amene anatengedwa paulendo anaionadi nyanja, koma anaiona ali ndi mwana wa mwini kumsana, ake ali m'komboni.

“Paradaiso” ameneyo sanakhalitse. Mozambique inalandira ufulu mu 1975, malire ake ndi Rhodesia anatsekedwa mu March 1976, ndipo hotelayo m'kupita kwa nthaŵi inasanduka bwinja. Ndiyeno kuyambira mu 2000 mafamu a m'chigwa cha Mazowe, limodzi ndi ena m'dziko lonselo, analandidwa ndi kugaŵidwa kwa eni atsopano. Panthaŵiyo antchito a pamafamu a malonda m'Zimbabwe anali oposa 300,000. Ochuluka anataya ntchito ndi pokhala pomwe. Lamulo la unzika la 2001 linasiya mbadwa zambiri za matchona zilibe dziko lozitcha lawo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 anapereka njira yoti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo akhale nzika. Amene sanadye nawo mpumulo wa masiku a chuma ndiwo anasenza katundu wolemera koposa pamene masikuwo anatha.

Mlengi Sadana ndi Kupuma

Poona mbiri yotero, wina angafulumire kunena kuti tchuthi lenilenilo nloipa. Baibulo silimanena zimenezo. Mfumu Solomo inaona kuti kupuma pang'ono kumaposa kugwira ntchito kosalekeza kumene kuli ngati kuthamangitsa mphepo, ndi kuti kudya, kumwa ndi kukondwera ndi zipatso za ntchito yako ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. (Mlaliki 3:12, 13, 4:6) Pamene atumwi anabwerako ku ulendo wolalikira atatopa, anthu akuwapanikiza kwakuti analibe ndi mpata womwe wakudya, Yesu mwiniyo ndiye anawauza kuti apite kwa okha kukapuma. Ndipo anapita pangalaŵa. (Marko 6:30-32) Tate amene amasunga kandalama kuti atenge banja lake kumka kunyanja kwa masiku angapo safunikira kudziimba mlandu.

Koma taonani mmene Yehova analinganizira kupuma pakati pa Aisrayeli. Lamulo la Sabata silinalekezere pa mwini nyumba ndi ana ake. Linatchula wantchito wamwamuna, wantchito wamkazi, mlendo wokhala m'mudzimo, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Pa Deuteronomo 5:14 chifuno cha lamulolo chikunenedwa poyera: antchitowo anayenera kupuma mofanana ndi mbuye wawo. Mwisrayeli sakanatha kusunga Sabata mwa kugona pamphasa pamene wina akumtemera nkhuni. Zinalinso motero pa Madyerero a Misasa, amene anatenga masiku asanu ndi aŵiri ndipo anali nthaŵi imene banja linasiya ntchito za masiku onse ndi kuyenda ulendo. Pampambo wa oyenera kukondwera panali ana, antchito, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye.—Deuteronomo 16:13, 14.

Akristu sali pansi pa Chilamulo cha Mose, ndipo salamulidwa kusunga tsiku lakutilakuti. (Aroma 10:4, Akolose 2:16, 17) Komabe Chilamulocho chimatisonyeza maganizo a Mulungu amene sasintha. Ndipo chifukwa chimene iye anapereka nchogwira mtima: Aisrayeli anayenera kukumbukira kuti iwo eni anali akapolo ku Igupto. (Deuteronomo 5:15) Yehova anadziŵa kuti munthu amene anamva kuŵaŵa kwa goli angathe kuliiŵala msanga zinthu zikamuyendera bwino, nkulisenzetsa mnzake. Mdzukulu wa wophika wa ku Glendale, amene tsopano ndi namwino ku Leeds kapena woŵerengera ndalama ku Pretoria, akakhala pakhonde la nyumba ya pachisumbu mnyamata wa ku Vilankulo akumbweretsera madzi ozizira, ali pamalo amodzimodzi ndi Mwisrayeli uja. Kodi adzaona agogo ake mwa mnyamatayo? Kapena kodi adzaganiza kuti nthaŵi yake yakuitana munthu ndi chala yafika?

Chisumbu cha Kaisara

M'masiku a utumiki wa Yesu, munthu wamphamvu koposa m'dziko la Aroma anali kukhala pachisumbu. Tiberiyo Kaisara, amene amatchulidwa pa Luka 3:1, anasamukira ku Capri mu 27 C.E. ndipo sanaloŵenso mumzinda wa Roma kufikira imfa yake mu 37 C.E. Wolemba mbiri Tacitus amasimba kuti iye anali ndi nyumba 12 pachisumbupo. Mabwinja a yaikulu koposa, Villa Jovis, akali pamwamba pa thanthwe lotalika mamita oposa 300 kuchokera panyanja, ndipo zitsime zake zazikulu zosungiramo madzi a mvula zikuonekabe. Chakudya chilichonse chimene mfumuyo inadya ndi nkhuni iliyonse imene inatenthetsa madzi ake osamba zinakwezedwa pamwamba pamenepo ndi anthu amene mbiri sinasunge maina awo. Ngakhale zinali choncho, olemba mbiri akale samamfotokoza Tiberiyo monga munthu wopeza mtendere. Anali wokayikira aliyense, ndipo kuchokera pachisumbupo anatumiza makalata amene anaphetsa anthu ku Roma.

M'zaka zomwezo, ku Galileya ndi ku Yudeya, Mwana wa Mulungu analibe potsamira mutu wake. (Luka 9:58) Usiku wake womaliza, atumwi anayambanso kukangana za amene anali wamkulu pakati pawo. Yesu anawakumbutsa mmene mafumu a amitundu amachitira, ndiyeno anagwiritsira ntchito chitsanzo cha patebulo. Aliyense amadziŵa kuti wokhala pachakudya amayesedwa wamkulu kuposa woperekera. Koma iye, Mbuye wawo, anali atasankha malo a woperekera. (Luka 22:24-27) Usiku womwewo anatenga nsalu yopukutira ndi mbale ya madzi nasambitsa mapazi awo, ntchito imene inali ya wantchito wotsika wa m'nyumba.—Yohane 13:3-5.

Onani kuti Yesu sanakane kutumikiridwa. Anadya chakudya chimene Marita anaphika, analandira chithandizo cha akazi amene anamtumikira ndi chuma chawo, ndipo analola apongozi a Petro kumkonzera zofunika atangochira malungo. (Marko 1:30, 31, Luka 8:1-3, 10:38-42) Chimene anagwetsa ndicho chikhulupiriro chakuti wotumikiridwa ali munthu woposa womtumikira. Kwa wotsatira wa Kristu, mpando wa patebulo suuza kanthu ponena za mtengo wa munthu.

Kodi Kukana Kupitako Ndiko Chifundo?

Ena a chikumbumtima chofeŵa amati: ‘Ine sindingalole munthu wamkulu ngati atate anga kundiyalira pakama.’ Malingaliro amenewo ngabwino, ndipo palibe amene ayenera kuwaseka. Komabe tifunse: kodi woyala pakamayo amapindulanji alendo akaleka kubwera? Chaka cha 2020 chinayankha funsolo. Pamene mliri wa COVID-19 unatseketsa malire ndi kuimitsa ndege, malo ogona alendo a pazisumbu ndi a m'mphepete mwa nyanja anakhala opanda anthu kwa miyezi yambiri. Ophika ndi ochapa anabwezedwa kumudzi, ndipo asodzi amene anali kugulitsa nsomba kumalowo anasoŵa msika. Kwa iwo nyumba yopanda alendo sinatanthauze ufulu. Inatanthauza mwana wobwezedwa kusukulu ndi mphika wosatereka.

Kutumikira sikochititsa manyazi. Yosefe anali woyang'anira nyumba ya Potifara, ndipo Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu ya Perisiya. Chimene Malemba amatsutsa mwamphamvu ndicho kudyera wantchito masuku pamutu. Chilamulo chinaletsa kugoneka malipiro a waganyu kufikira mmaŵa, popeza kuti mmphaŵi amakhala akuyembekezera ndalamayo ndi mtima wonse. (Levitiko 19:13, Deuteronomo 24:14, 15) Wophunzira Yakobo anachenjeza eni minda olemera kuti malipiro amene anamana okolola awo anali kufuula, ndi kuti Yehova anali atamva. M'vesi lotsatira anawaimba mlandu wa kukhala m'zokondweretsa. (Yakobo 5:4, 5) Zinthu ziŵirizo anaziika pamodzi mwadala, pakuti chisangalalo chawo chinagulidwa ndi ndalama za eni ake.

Mitundu ya anthu inachedwa kwambiri kuvomereza mfundo imeneyi. Munali mu 2011 pamene International Labour Organization inavomereza pangano lonena za antchito a m'nyumba, limene pakati pa zina limafuna kuti iwo apume maola 24 otsatizana mlungu uliwonse. Mu 2021 gulu limenelo linaŵerengera kuti antchito a m'nyumba padziko lonse anali oposa 75 miliyoni, unyinji wawo akazi. Chimene mitundu inalemba mu 2011 chinali kale m'Chilamulo choperekedwa kwa Mose zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Mlendo wa mlungu umodzi sindiye amalemba antchito a panyumbapo, ndipo sangakonze zonse. Koma sali wopanda chochita. Asanalipire, angafunse ngati antchitowo amasinthana ndi ngati ali ndi tsiku lopuma. Angafunse ngati mphatso ya ndalama imene alendo amasiya imafikadi m'manja mwa ochapa ndi alonda, amene saonekera patebulo. Ndipo angakumbukire kuti mawu akuti “wophika alipo nthaŵi iliyonse” pachilengezo amanena za munthu amene ali ndi msana ndi ana. Banja limene limachezera kufikira pakati pa usiku, nkufuna chakudya chotentha panthaŵiyo, ndiyeno nkulamula tiyi mbandakucha kuti likaone kutuluka kwa dzuŵa, latenga tulo ta munthu wina, ngakhale kuti silinaswe pangano lililonse.

Ngozi Imene Ili Mumtima

Palinso ngozi ina yosaoneka msanga, ndipo imagwera wotumikiridwayo. Mneneri Amosi anadzudzula olemera a ku Samariya amene anagona pamakama a minyanga ya njovu, kudya ana a nkhosa, kuimba nyimbo ndi kudzola mafuta abwino koposa. Palibe chimodzi cha zinthu zimenezo chimene Chilamulo chinaletsa mwa icho chokha. Mlandu wawo unali wakuti tsoka la anthu a mtundu wawo silinawadwalitse mtima. (Amosi 6:4-6) Moyo wofeŵa unawachititsa dzanzi.

Dzanzi limeneli limayamba pang'onopang'ono. Tsiku loyamba mlendo amathokoza pa kalikonse, mwina mwamanyazi. Tsiku lachitatu amasiya thaulo lonyowa pansi. Pofika tsiku lachisanu amalankhula nkhani zamseri za banja woperekera ali chiimire pambali pake, monga ngati ndi mpando. Palibe mawu achipongwe amene anenedwa, komabe munthu wachotsedwa paumunthu. Yobu, amene anali ndi antchito ochuluka zedi, anadziletsa ndi lingaliro limodzi: Amene anamuumba iye m'mimba ndiye anaumbanso kapolo wake, ndipo ngati akanakana kumva dandaulo la kapoloyo, sakanakhala ndi choyankha Mulungu atamfunsa. (Yobu 31:13-15) Boazi, pofika kumunda, anayamba ndi kulonjera okolola ake m'dzina la Yehova, ndipo panthaŵi ya chakudya anadya nawo pamodzi.—Rute 2:4, 14.

Ana ndiwo amaphunzira msanga koposa. Pamafamu akale, mwamuna wa imvi anali kuitanidwa “boyi” ndi mwana wa zaka zisanu, ndipo mwanayo sanabadwe nalo liwu limenelo. Analimva patebulo. Mwambo wathu umafuna kuti mwana anene kuti “bambo,” “mayi” kapena “achimwene,” alandire chinthu ndi manja aŵiri, ndipo asatume munthu wamkulu. Makolo achikristu sayenera kusiya mwambo umenewo padoko pokwera boti. Mwana amene amayala pakama pake kunyumba angayale ndi patchuthi pomwe. Ndipo ngati makolo afunsa dzina la wophika ndi kumpatsa moni mmaŵa uliwonse, anawo adzadziŵa popanda kuuzidwa kuti ndalama zinalipirira ntchito ya munthuyo, osati munthu mwiniyo.

Bwanji ponena za Mkristu amene ali kumbali inayo, amene amaona ndalama zoposa malipiro ake a miyezi yambiri zikutha pamlungu umodzi? Chiyeso cha kuŵaŵidwa mtima nchachikulu, ndipo wamasalmo Asafu anavomereza kuti anatsala pang'ono kuterereka poona mtendere wa odzikuza. (Salmo 73:2, 3) Mtumwi Paulo analangiza antchito achikristu kusaba kanthu ndi kukhala okhulupirika kotheratu, kuti akometsere chiphunzitso cha Mulungu. (Tito 2:9, 10) Zimenezi sizimatanthauza kuti Mkristu sangapemphe malipiro ake kapena tsiku lake lopuma. Yakobo anauza Labani poyera za kutentha kwa usana, chisanu cha usiku, ndi malipiro osinthidwa kakhumi. (Genesis 31:38-42) Kulankhula zoona mwaulemu sikuli kupanduka.

Nkhani Imene Ili Pakhomo Pathu

Nkosavuta kuloza chala eni mafamu a ku Glendale, amene ambiri a iwo anachoka kalekale, kapena alendo olemera a pazisumbu. Koma m'nyumba zambiri za ku Lilongwe, Blantyre, Chipata ndi Lusaka, kuphatikizapo nyumba za olambira anzathu, muli mtsikana wotengedwa kumudzi. Kaŵirikaŵiri iye ndi mwana wa mbale, ndipo anabwera ndi lonjezo lakuti adzaphunzira. Ndiye amayamba kudzuka ndi kumaliza kugona. Popeza kuti amatchedwa “mwana wathu,” salandira malipiro. Popeza kuti sali mwana wa m'nyumbamo, amadya payekha kukhichini. Lamulo la ntchito la Malaŵi la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma chiletsocho sichikhudza ntchito ya m'nyumba, ndipo chibale chimaphimba zambiri zimene lamulo silingaone.

Banja lotero likapita ku Salima kapena ku Mangochi kwa masiku aŵiri, mtsikanayo amatengedwa, ndipo anthu amati wachita mwayi. Koma kodi amaloŵa m'madzi, kapena amakhala pamchenga akulonda nsapato ndi khanda? Paulo anauza ambuye achikristu kuchitira antchito awo zolungama ndi zoyenera, pokumbukira kuti iwonso ali ndi Mbuye kumwamba. (Akolose 4:1) Mabanja ambiri achikristu amachitadi zimenezo: amamlipirira sukulu mtsikanayo, amamphatikiza paphunziro la banja, ndipo samamsiya kunyumba akuphika pamene onse apita kumsonkhano wa mpingo. Kumene zinthu sizili choncho, mutu wa banja afunikira kukhala pansi ndi mkazi wake ndi kugwirizana za malipiro a mtsikanayo, za kalasi limene adzayambiranso, za mlungu umene adzapita kukaona amake kumudzi, ndi za amene adzaphika nsima m'nyumbamo pamlungu umenewo.